A Kambalame ndi Kanyali Kofiira

Masabata apitawa tinakumana kukonza mwambo wokumbukira a Kambalame, poti chaka chakwana chimwalirireni iwo. Tinali m'chipinda chapansi cha tchalitchi chimene timabwereka ku Takoma Park, kuno kutsidya kwa nyanja, eni ake akamaliza mapemphero awo a m'mawa. Nkhani inkayenda bwino: ndani aphike, ndani alalikire, ndani akatenge mwana wawo wamkazi ku bwalo la ndege. Kenaka mayi wina, amene dzina lake ndilisunga chifukwa timaonana Lamulungu lililonse, anatsitsa mawu n'kunena kuti, "Koma olalikirawo asachite kuwakweza kwambiri. Paja bambo aja anali ndi kavuto kawo kaja."

Ena anayang'ana pansi, ena anayamba kutokosa mafoni awo. Ine mtima unachita kuwira, chifukwa kavuto ankanenako ndi mowa, pamene a Kambalame anapita kumanda osagulapo botolo ndi limodzi lomwe. Dzina lawo linathimbirira m'mawa umodzi wokha, pamaso pa mpingo wonse, ndipo ine ndinalipo kuyambira kukhitchini mpaka ku bwalo la ndege. Iwo anandimanga pakamwa zaka zonsezi. Chingwecho tsopano chaduka, ndiye mundipirire.

Anali a ku Ntcheu, aatali, owonda, oyenda ngati ameza ndodo. Anayamba ndi malole a fodya kumudzi, kenaka anabwera kuno ngati dalaivala wa banja lina limene linatumizidwa pa ntchito za ukazembe. Banjalo litabwerera iwo anatsala, n'kukonza mapepala awo, n'kulowa ntchito pa kampani ina yaing'ono ya ku Woodbridge yonyamula odwala ndi okalamba kupita nawo kuchipatala. Ine ndinawadziwira kumeneko. Ndimasamalira okalamba pa nyumba ina, ndipo minibasi yawo ndiyo inkabwera kudzatenga anthu anga opita kukatsukitsa magazi. Tsiku loyamba anaona dzina pa yunifomu yanga, anandifunsa mfunda, ndipo kuyambira pamenepo ndinakhala Nangozo mpaka imfa yawo.

Tayi sankavula, kaya kutenthe bwanji. Asanakwere galimoto ankayamba aizungulira, kumenya tayala lililonse ndi nsapato, kupukuta magalasi ndi kansalu kamene kankakhala paphewa pawo. Akakhala pa chiwongolero ankayang'ana pa galasi, ndipo akaona wina sanamange lamba sankanena kanthu. Ankangozimitsa injini, kutulutsa buku la nyimbo m'thumba la jekete, n'kuyamba kung'ung'udza ndime ndi ndime. Tachedwapo ku maukwati chifukwa cha khalidwe limeneli. Bambo wina wonenepa, amene ankati lamba amamuthina mimba, anayesa kulimbana nawo tsiku lina. Anagonja nyimbo yachiwiri isanathe, amayi atamudzudzula mokwanira.

Ankakonda kunena kuti pa msewu waukulu wa I-95 palibe amene amadziwa kuti ndiwe mwana wa yani. Ankatinso ulemu wathu Amalawi wapha anthu ambiri kuposa ufiti umene timauopawo. Pofotokoza ankati munthu amatuluka pa ukwati akudzandira, makiyi ali m'manja, aliyense akuona, koma poti ndi amalume kapena abwana, timangowomba m'manja n'kuwafunira ulendo wabwino. Anali ataziona kambirimbiri m'misewu ya kwathu, ndipo mitembo ina anainyamula okha pa lole. Zimenezi ankazinena kamodzi basi, sankazikometsera.

Musaganize kuti anali mngelo. Anali ouma mutu, ndipo pa nkhani ya mowa anali ankhanza ndithu. Monga mkulu wa mpingo ankakhala pa benchi yakutsogolo, kumanja kwa abusa, ndipo ankatembenuka kuyang'ana aliyense wolowa mochedwa mpaka munthuyo akhale pansi. Mwana wawo yemwe anasankha koleji yakutali dala kuti apumeko. Koma amene analawa ukali wawo weniweni ndi a Tembo.

A Tembo ndi a ku Lusaka, dalaivala mnzawo pa kampani yomweyo, munthu wanthabwala amene kale ankaukonda mowa monga ambiri amaukondera. Pa phwando lina la ukwati, a Tembo akupita ku galimoto yawo ndi akazi awo ndi ana, a Kambalame anawatsekereza pakhomo n'kuwalanda makiyi pamaso pa anthu. Zikanathera pamenepo bwenzi tonse titawayamikira. Koma iwo anaitengera nkhaniyo ku bwalo la mpingo, a Tembo n'kuimitsidwa mgonero. Kuyambira pamenepo anthu awiriwa ankadutsana kuntchito ngati sakudziwana. A Tembo anausiya mowa, koma ankauza aliyense kuti sanausiyire Mulungu, anausiyira kuti mdala wa ku Ntcheu uja asadzapezenso powagwira.

Mkati mwa chidani chimenechi munabwera kachipangizo kena. Boma la kuno ndi makampani opanga magalimoto anagwirizana kupanga chinthu choti chizizindikira ngati woyendetsa wamwa mowa, galimoto isanasunthe. Asanachiike m'magalimoto a anthu wamba anafuna kuchiyesa kaye pa magalimoto a ntchito, ndipo kampani ya a Kambalame inavomera kuyesa nawo. Poonekera kanali kanthu kakang'ono pafupi ndi chiwongolero, ka timabowo ngati kothirira mchere. Dalaivala ankangopumirapo. Kanyali kakayaka kobiriwira, ulendo ulipo. Kakayaka kofiira, injini inkalira bwinobwino koma galimoto osasuntha, ndipo uthenga unkapita kwa mwini kampani ndi kwa akatswiri ofufuza za kachipangizoko.

A Kambalame anakondwa ngati kachipangizoko anakapanga ndi iwo. Ankati nkhaniyi ili ngati ukwati: boma ndi akuchimuna, makampani ndi akuchikazi, madalaivala ndiwo ankhoswe, amene amaitanidwa zinthu zikavuta m'nyumba. Ankapita ku misonkhano ya ofufuzawo ku Arlington atavala suti yawo ya mgonero, n'kubwerako ndi nkhani zotopetsa za mpweya ndi timagetsi. Chimene chinawasangalatsa kwambiri n'chakuti tsopano kwapezeka wolanda makiyi amene alibe amalume.

Ambiri a ife sitinakondwe nawo. Kuno munthu aliyense ali ndi m'bale kapena mnzake amene mapepala ake sali bwino, choncho chilichonse chimene chili ndi dzanja la boma timachiyang'ana cham'mbali. Tsiku lina titaweruka mapemphero, abambo anawazungulira pa malo oimika magalimoto.

"Ankolo, mukutigulitsa," anatero bambo wina amene amayendetsa matakisi. "Lero kakununkhiza mowa, mawa kadzanunkhiza mapepala. You know how it goes."

"Mapepala ako sadzapha mwana wa munthu pamsewu," anayankha a Kambalame. "Wakutsina khutu ndi mnansi. Iwe ukakaopa kameneka, ndiye kuti ukudziwa chimene umapuma."

Anthu anaseka, koma kuseka kwake kunali kosunga chakukhosi. Bambo uja anachoka osatsanzika.

Tsiku limene ndikufuna kunena linali la mu Julaye, kotentha koti phula limanunkha. Tinali pa maliro a mayi Edina, mnzathu wa ntchito yosamalira odwala, amene anadwala nthawi yaitali. Mkulu wawo, a Nankhoma, anachokera ku Dedza kudzawadwazika, ndipo mayi Edina anatsirizikira m'manja mwawo. Maliro a kuno mukuwadziwa: thupi limakhala ku nyumba yosungira mitembo masabata angapo podikira mapepala a ndege, ife n'kumasonkhana pa siwa tsiku ndi tsiku tikaweruka kuntchito. A Nankhoma anali mayi wachikulire, wofatsa, wosadziwa Chingerezi, mtsogoleri wa amayi a mpingo kwawoko. Anabwera ndi chimera cha mawere m'sutikesi, ndipo pa maliropo anaphika thobwa loti okhuza azimwa. Linali thobwa lenileni, ndipo tonse tinkadziwa kuti pa nyumbapo wophika thobwa ndi iwo okha.

A Kambalame analilawa tsiku loyamba n'kuyamikira, koma anawonjeza mwanthabwala kuti thobwa lotsekemera ndi phala la ana, iwo anakulira lowawasa, loti ukamwa nsagwada zimadzuka. Ife tinaseka n'kuiwala. A Nankhoma sanaiwale. Munthu wamkulu wanena chimene amakonda, ndiye kwathu umatani? Anapatula lina m'chigubu n'kukalibisa m'galaja. Kwawo ku Dedza thobwa limatha kugonera m'nyumba yozizira n'kungowawasa pang'ono. Galaja ya ku Woodbridge mu Julaye ndi uvuni, ndipo chigubucho chinakhala mmenemo masiku angapo.

M'mawa wa tsiku loperekeza thupi ku bwalo la ndege ndinali kukhitchini, ndikutsuka makapu. A Kambalame analowa kudzatenga madzi. A Nankhoma anatulukira ndi chigubu chija, anathira m'kapu yaikulu, n'kugwada pa matailosi.

"Bambo, paja munati la ana lija simulifuna. Ili ndakusungirani, lagonera bwino. Ndikupita lero, ndiye ndati ndisachoke ndi mangawa."

A Kambalame anavula chipewa, analandira ndi manja awiri, anamwa osapumira. Anapukuta pakamwa ndi kansalu kawo kaja.

"Ili ndiye la kwathu, mayi. Mwandikumbutsa amayi anga."

Anawathirira kapu yachiwiri, ndipo anamaliza. Fungo lake linandipeza pa sinki, lakuthwa ndithu, koma m'mutu mwanga munali za masutikesi ndi matikiti. Ndinatsuka kapuyo n'kuiika pamodzi ndi ena.

Panja zonse zinali zitakonzeka. Galimoto ya maliro inali kutsogolo, dalaivala wake mzungu wa suti yakuda akuyang'ana wotchi pafupipafupi, chifukwa bokosi liyenera kufika ku malo a katundu wa ndege nthawi isanakwane, apo ayi ndege imalisiya. Kumbuyo kwake kunali minibasi ya kampani, imene mwini wake anabwereka a Kambalame pa lamulo loti woyendetsa akhale dalaivala wa kampaniyo basi. Mmenemo munali amuna a malemu, a Nankhoma atadzifunditsa chitenje kumutu, amayi oyimba, ndi masutikesi onse a anthu opita ndi maliro. Magalimoto ena anali atadzaza kale. Kumudzi manda anali atakonzedwa, anthu atasonkhana kudikira.

A Kambalame anazungulira minibasi monga mwa nthawi zonse, kumenya matayala, kupukuta galasi. Anakhala pansi, anayang'ana malamba athu, analiza injini, n'kupumira pa kachipangizo kaja. Kanyali kanayaka kofiira.

Ine ndinali pa mpando wachiwiri, ndipo ndinaona khosi lawo likuuma. Anapukuta timabowo tija ndi kansalu, anamwa madzi, anadikira pang'ono, n'kupumiranso. Kofiira. Nyimbo inayamba kuzima kuyambira mipando yakutsogolo kupita kumbuyo, mpaka kunatsala mawu a mayi mmodzi amene sanaone kanthu, nayenso n'kusiya pakati pa mzere. Pamwamba pa kanyaliko panali kagalasi kolemba mawu. Mayi uja ndanena poyamba, amene dzina lake ndikusunga, anasuzumira paphewa pa a Kambalame n'kuwerenga mokweza.

"Iii! It says alcohol!"

Mawuwo anatuluka pa zenera n'kuyenda mzere wonse wa magalimoto. Anthu anayamba kutsika. Ndinaona bambo wa matakisi uja akubwera, manja m'thumba, nkhope yake ikulephera kubisa chimwemwe. Ena anabwera ndi nzeru zothandiza.

"Ankolo, matanipo tepi, tizipita."

"Sunthani pang'ono ndipumirepo ine, inu muyendetse. Nobody will know."

A Kambalame anaphimba kachipangizoko ndi dzanja lawo ngati akuteteza mwana. "Wopumira apa ndi amene ayendetse," anatero. Mawu awo anali otsika.

Mzungu wa galimoto ya maliro anabwera pa zenera n'kunena mwaulemu kuti sangadikirenso, msewu wadzaza kale. Amuna a malemu anadzutsa mutu.

"Bambo Kambalame, mkazi wanga asiyidwe ndi ndege? Amayi ake akudikira ku Dedza. Ndikawauza chiyani?"

Sindinaonepo nkhope ya munthu ikukalamba pa kanthawi kochepa chonchija. Anapumiranso kachitatu, tonse tikuyang'ana, ndipo kanyali sikanasinthe. Ndinkafuna kukuwa kuti ndi thobwa, koma iwo anandiyang'ana pa galasi lija ankayang'anira malamba, ndipo ndinadziwa kuti nawonso azindikira. Anapukusa mutu pang'ono, moti amene anaona ndi ine ndekha.

Anazimitsa injini n'kutsika. Tsidya la msewu, pafupi ndi galimoto yawo, panaima a Tembo atapinda manja pachifuwa. Pa anthu onse aja, iwo okha ndiwo anali dalaivala wina wa kampaniyo. A Kambalame anawoloka msewu anthu onse akuona, anavula chipewa, n'kupereka makiyi ndi manja awiri, monga mwana amaperekera chinthu kwa bambo ake.

"A Tembo, ndithandizeni. Yandikana."

Aliyense ankadikira kuti a Tembo abweze chipongwe cha pa ukwati paja, ndipo kunena zoona anali ndi ufulu wonse. Anasendera pafupi, mphuno yawo inagwedera pang'ono, n'kuyang'ana ku nyumba ya siwa.

"Nipaseni, ba Kambalame," anatero. "Tiyeni, ndeke siyembekeza."

Anapatsa akazi awo makiyi a galimoto yawo, anakhala pa chiwongolero cha minibasi, anapumira, kanyali n'kuyaka kobiriwira. A Kambalame anakakhala kumbuyo kwenikweni, pa kampando kopinda pakati pa masutikesi, maondo atafika pachibwano. A Nankhoma, amene Chingerezi chija sanachimve, anavundukula chitenje n'kufunsa kuti kwagwanji.

"Galimoto yatopa nane, mayi," anayankha. "Yafuna wachinyamata."

Ulendo umenewo sindidzauiwala. Pa I-95 magalimoto anali atathinana, kuyenda pang'ono n'kuima, galimoto ya maliro ikusowa kutsogolo n'kuonekanso. Palibe anayambitsanso nyimbo. Mafoni okha ndiwo ankalira motsatizana m'zikwama, ndipo ndinkadziwa chimene chikulembedwa. A Tembo anayendetsa thukuta lili kamukamu, osaphwanya lamulo ndi limodzi lomwe, mwina podziwa amene wakhala kumbuyo. Tinafika anthu a katundu atatsala pang'ono kutseka. Bokosi linalowa.

Titatsanzikana ndi opita, ndinawapeza a Kambalame ataima okha pa malo oimika magalimoto. Ndinali nditakwiya moti ulemu unandithawa.

"Bambo, ndi thobwa lija. Ndinaliona, ndinalimva fungo. Ndikukawauza onse pompano."

"Ukawauza kuti anaphika ndani?"

"Aliyense akudziwa amene amaphika."

"Ndiye chimenecho, Nangozo. Mayi uja akukaika mng'ono wake. Akuchimuna akumunena kale kuti sanamusamale bwino. Kwawo amatsogolera amayi a mpingo. Ukufuna akatsike ndege nkhani itafika kale yoti anafulula mowa pa maliro a m'bale wake, n'kuledzeretsa mkulu wa mpingo? Foni imathamanga kuposa ndege."

"Nanga dzina lanu?"

"Wopempha ndinali ine. Iye anangondilemekeza." Anavala chipewa chawo. "Mayi ameneyo ali moyo, pakamwa pako pakhale potseka. Wamva?"

Ndinamva, koma ndinalira ndi ukali njira yonse yobwerera.

Patapita masiku a Kambalame anaitanidwa ku Arlington, ndipo poti anali ataimitsidwa kuyendetsa, ndinawatenga ndine. Anandilola kulowa nawo. M'chipindamo munali mayi wina wa boma, akatswiri a makampani opanga magalimoto, ndi mwini kampani yawo, amene ankawakonda ngati bambo ake. Lamulo limene kampani inavomera polowa m'mayesowo linali lomveka: kanyali kakafiira ndipo n'kupezeka kuti mowa unalipodi, dalaivala asanyamulenso odwala. Kakapezeka kuti kanalakwitsa, mlandu palibe. Mtsikana wina mwa akatswiriwo anayamba kuwafunsa mokoma mtima. Kodi anatsuka m'kamwa ndi mankhwala aja onunkhira? Kodi anamwa mankhwala a chifuwa? Kodi anapaka m'manja mankhwala ophera tizilombo pafupi ndi chiwongolero? Aliyense m'chipindamo ankaona kuti akuwatsegulira khomo. Ine ndinawaponda phazi pansi pa tebulo.

Anachotsa phazi lawo. M'Chingerezi chawo chapang'onopang'ono anati kachipangizoko sikanalakwitse. Anamwa chakumwa cha kwathu cha chimanga ndi mawere, chimene sichikhala mowa koma chikakhalitsa pamalo otentha chimasanduka, ndipo iwo sanadziwe kuti chasanduka. Anati akanama kuti kanalakwitsa, akatswiriwo akakonza pamene sipanawonongeke, ndipo tsiku lina kadzalola munthu amene kanayenera kumukana. Mtsikana uja anawapempha kuti atchule dzina la chakumwacho pang'onopang'ono, n'kulilemba. Mwini kampani anagwira kumutu. Asanatuluke, a Kambalame anapempha chinthu chimodzi: kuti mawu aja asamalembedwe poti okwera awerenge, aziona dalaivala yekha. Analemba pempholo. Ngati anasintha, ine sindikudziwa.

Kwa azungu aja a Kambalame anaulula zonse chifukwa azunguwo sakuwadziwa a Nankhoma. Ku bwalo la mpingo ndiye anauma ngati mwala. Abusa anawafunsa ngati anamwa, iwo anati galimoto sinaname. Anawafunsa kuti anamwa chiyani, kuti, ndi yani, iwo anangoyang'ana chipewa chawo. Akulu anzawo, amene ena mwa iwo anali atadzudzulidwapo ndi a Kambalame, sanachedwe kugamula. Anachotsedwa pa ukulu n'kuimitsidwa mgonero, chilango chomwe chija iwo anapatsitsa a Tembo. Lamulungu lotsatira tinawapeza atatenga mpando wachitsulo wopinda n'kuuika kumbuyo, pafupi ndi chitseko. Pa benchi yakutsogolo malo awo anadzaza sabata yomweyo.

Anthu analankhula, abale. Ankati n'chifukwa chake ankatafuna timaswiti ta mphepo. Ankati olusa kwambiri pa tchimo ndi amene amalichita mobisa. Bambo wa matakisi ankati galu waluma mbuye wake. Chilango chitatha anabwerera ku mgonero, koma kutsogolo anakana kubwererako, ndipo palibe anawakakamiza. Chodabwitsa n'chakuti kachipangizo kaja sanasiye kukayamikira. Wina akawaseka kuti mwana wawo wokondedwa anawapereka, ankati kanachita ntchito imene iwo ankafuna kuti kachite, ndipo kakanawalola chifukwa cha imvi ndi tayi bwenzi kali kopanda pake. Ine zimenezi zinkandipsetsa mtima. Ndinakangana nawo kangapo kukhitchini kwawo, ndikuwauza kuti kudzichepetsa kwina ndi kunyada kovala sanza. Ankangondithirira tiyi.

Galimoto sanayendetsenso, ngakhale yawo. Amene ankawatenga Lamulungu lililonse kuchokera ku Woodbridge anali a Tembo. Ankakangana njira yonse, za liwiro, za mpira, za Chichewa cholondola ndi cha ku Lusaka, koma a Tembo sanajombepo. Ndipo chaka chilichonse, wina akamachokera kumudzi, ankabwera ndi kaphukusi ka chimera kochokera kwa a Nankhoma, ndi uthenga woti bambo aja okonda lowawasa asaiwale kwawo. A Kambalame ankaimba foni kuthokoza, kufunsa za mvula ndi za adzukulu. Akatseka foni ankandipatsa ine kaphukusiko, n'kundiuza kuti ndikaphika ndiziika mufiriji.

Anamwalira chaka chatha ndi matenda a mtima, atadwala masiku ochepa. Pa maliro awo olalikira anayenda mosamala ngati akuwoloka mtsinje pa miyala yoterera, kutchula za kukhululuka kwa Mulungu mobwerezabwereza. Ndinakhala chete mano ali gwa, poti a Nankhoma anali akadali moyo. Nawonso atisiya dzinja lapitali ku Dedza, ndipo anaikidwa ndi ulemu wonse, amayi a mpingo atavala zoyera. Anapita osadziwa kuti kapu ziwiri zija zinadula chiyani.

Ndiye pa msonkhano uja, mayi uja atanena za kavuto, ndinaimirira n'kufotokoza zonse monga ndafotokozera pano. Sindinasankhe mawu okoma okha. Nditamaliza, a Tembo ndiwo anayamba kulankhula, ali chikhalire.

"Ine nenze naziba kuchokera siku ija. Moba nimauziba bwino, uja sunali wa mu botolo. Manje mdala ananiuza kuti nikakamba, azaleka kukwera motoka yanga."

Mayi uja anafunsa motsitsa kuti nanga bwanji eni akewo sananene. Abusa anati pa tsiku la mwambo chithunzi cha a Kambalame chiikidwe kutsogolo, pa benchi ya akulu a mpingo. A Tembo anakana. Anati mdala anadzisankhira yekha pokhala, ndipo ife tinamusiya pamenepo zaka zonsezi, ndiye tisamusunthe lero kuti mitima yathu ipepuke.

Mpandowo ukadali pomwepo, pafupi ndi chitseko, pansi pa zokolekera majekete. Ndi malo oipa kwambiri m'chipinda chonsecho. Nthawi yozizira mphepo imayambira pamenepo chitseko chikatseguka, ndipo ulaliki umamveka mwa apo ndi apo chifukwa cha ana othamanga pa masitepe. Penti yake inasupuka mbali imodzi, pamene ankagwira podzuka. Eni tchalitchi amaupinda n'kuuika pamodzi ndi ina, koma Lamulungu lililonse a Tembo amaufunafuna mpaka aupeze, n'kuubwezera pamalo pake. Aliyense wolowa ndi wotuluka amadutsa pamenepo.

Mwambo wokumbukira unachitika Lamulungu lapitali. Anthu anabwera ambiri, mipando inatha, abambo ena n'kuima chotsamira khoma. Mayi wonena za kavuto uja anafika mochedwa, akuchokera kuntchito, yunifomu ili m'thupi, miyendo itatupa monga imatupira tonsefe. Anaunguza uku ndi uku. Mpando wopanda munthu unali umodzi wokha, pafupi ndi dzanja lake. Anauyang'ana, anasuntha chikwama chake kuti chisaukhudze, ndipo anaimirira mpaka mapemphero anatha.